Galu akanyambita kapena kumeza mankhwala opaka a anthu: zizindikiro zake ndi zoyenera kuchita

M'miyezi ya chiperoni, pamene mphepo yozizira ndi mvula yowaza zimakuta phiri la Mulanje kwa masiku angapo osalekeza, m'nyumba zambiri za ku Chitakale, ku Likhubula ndi za antchito a m'minda ya tiyi mumapezeka kabotolo ka mankhwala opaka pachifuwa ndi kachubu ka mankhwala a msana. Munthu amene wakhala akuthyola tiyi tsiku lonse dengu lili kumsana amadzipaka m'mawondo ndi m'chiuno madzulo, n'kukhala pakhonde, ndipo galu wake amabwera kudzam'nyambita miyendo monga amachitira masiku onse. Vuto limene ndikulembali limayambira pamenepo, kapena kudzala kumene kachubu kotha katayidwa, kapenanso pamkeka pamene mayi waiwala mafuta a zilonda za thewera.

Ndakhala ndikuweta agalu kuno kwa zaka zambiri, ndipo funso lomweli limandifika kawirikawiri kuchokera kwa anansi ndi achibale, nthawi zambiri galu atafooka kale. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amayeza kukula kwa ngoziyo poyang'ana mmene galu akuonekera tsiku loyamba, chonsecho ena mwa mankhwala oopsa kwambiri amayamba ntchito yawo mwakachetechete. Chimene chimanena zoona ndi dzina lolembedwa pa kachubu.

## Zoyamba kuchita, chizindikiro chisanaoneke n'komwe

1. M'chotseni galu pamalopo, ndipo tolani kachubu, chivindikiro chake ndi tizidutswa tonse kuti muone ngati pali chimene chikusowa.
2. Werengani dzina la mankhwala enieni, limene kawirikawiri limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina la malonda, ndipo lijambuleni pa foni.
3. Kumbukirani nthawi imene zachitika, ndipo yerekezani kuti munali mankhwala ochuluka bwanji galu asanatafune kachubuko.
4. Ngati mankhwala ali pa ubweya kapena kumapazi, m'sambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda, chifukwa akasiyidwa choncho apitiriza kudzinyambita.
5. Imbirani foni a vetenale muwawerengere dzinalo.

Mukaona dzina la fluorouracil, calcipotriol, minoxidil, diclofenac, ibuprofen, ketoprofen kapena lidocaine, musadikire kuti galu ayambe wadwala. Nyamukani nthawi yomweyo. Dokotala wa ziweto angathe kum'sanzitsa galu bwinobwino ngati wafika naye pasanathe maola awiri, koma nthawi imeneyi ikadutsa mankhwala amakhala atayamba kale kulowa m'magazi.

## Mkaka, mchere, mafuta ophikira ndi makala

Galu akadya zoipa m'mudzi, sipalephera kupezeka wina wothamangira mkaka, wina mchere, wina mafuta ophikira kapena makala osinja. Onsewa amachita mwa mtima wabwino, koma palibe chimodzi mwa zinthuzi chimene chimasukulutsa mankhwala opaka.

Mchere ndiwo woopsa kuposa zonse, chifukwa galu akaumwa wambiri n'kulephera kusanza, umakwera m'magazi n'kusokoneza ubongo, ndipo akhoza kufa ndi mcherewo pamene mankhwala amene anameza sakanamupha. Mafuta ophikira amathandiza mankhwala osungunuka m'mafuta, monga camphor wa m'mankhwala opaka pachifuwa, kuti alowe msanga m'thupi, ndiponso galu amene akumwetsedwa mokakamiza amatsamwa, mafutawo n'kupita m'mapapo. Mkaka umatsegula m'mimba agalu ambiri aakulu, motero umangosokoneza zizindikiro zimene dokotala akanafuna kuona. Makala a pambaula ndi osiyana ndi makala apadera amene amakonzedwa kuti azigwira poizoni m'matumbo, ndipo sagwira ntchito imeneyo.

Musam'patse Panado, Brufen kapena aspirin poganiza kuti mukum'chepetsera ululu. Musam'pise zala kukhosi.

## Akusanza kamodzi kapena kawiri, kapena watsegula m'mimba, koma akadali wamphamvu

Ichi ndicho chizindikiro chofala kwambiri, ndipo kawirikawiri chimatha chokha. Zoyambitsa zake, kuyambira zofala:

- Vaseline ndi mafuta ena odzola wamba, amene amangofewetsa m'mimba n'kutuluka.
- Mafuta a zilonda za thewera, calamine ndi mafuta ena oteteza ku dzuwa okhala ndi zinc oxide. Amenewa amasanzitsa msanga, ndipo masanzi ake nthawi zina amakhala oyera.
- Mankhwala a zipere monga clotrimazole, miconazole ndi Whitfield. Whitfield ali ndi salicylic acid, wachibale wa aspirin, motero kagalu kakang'ono kakameza chubu chonse nkhaniyo siikhalanso yaing'ono.
- Mankhwala a zilonda ndi a m'maso monga tetracycline.
- Chiyambi cha vuto lalikulu, ngati dzina la pa kachubu lili m'gulu ndatchula poyamba lija.

Tukulani mlomo wake muone nkhama, zimene ziyenera kukhala zofiirira ndi zonyowa. Mukadina ndi chala, mtundu wake uyenera kubwerera pasanathe masekondi awiri. Kokani pang'ono chikopa cha pamapewa n'kuchisiya. Chikachedwa kubwerera, ndiye kuti madzi achepa m'thupi.

Ngati zonsezi zili bwino, galu wamkulu mum'manitse chakudya kwa maola angapo, muzim'patsa madzi pang'onopang'ono, kenako muyambe ndi phala kapena mpunga wopanda mafuta ndi kanyama ka nkhuku kowiritsa kopanda mafupa. Ana agalu musawamanitse chakudya, chifukwa shuga wawo amatsika msanga. Lekani kudzithandiza nokha ngati wasanza koposa katatu, ngati akubweza ngakhale madzi, kapena ngati tsiku lathunthu latha asanasinthe.

## Dovu likutuluka, akupukuta kukamwa ndi mwendo kapena akupukusa mutu

- Mankhwala opaka pachifuwa ndi othowera minofu, monga Vicks, Zam-Buk ndi Deep Heat. Awiri oyambawo ali ndi camphor, pamene Deep Heat ali ndi menthol ndi methyl salicylate. Fungo lake limamveka mukayandikira kukamwa kwa galu.
- Dettol, sipiriti ndi ayodini, zimene zimatentha lilime ndi kummero. Galu wotere asasanzitsidwe, chifukwa mankhwalawo angamutenthenso pobwerera.
- Benzyl benzoate, mankhwala amadzimadzi oyera aja opaka mphere, amene galu amawanyambita pa khungu la ana kapena pa zofunda.
- GV, amene amadziwika msanga chifukwa lilime ndi milomo zimasanduka zapepo.

Ngati mwaona ndi maso anu kuti wanyambita chimodzi mwa izi, ndipo ali tcheru, m'tsukeni kukamwa ndi madzi oyera mutu wake utaloza pansi kuti asatsamwe, n'kum'siyira madzi akumwa pafupi. Dovu la kungonyambita limachepa pakapita nthawi yochepa.

Koma apa ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa kuno kwathu dovu lili ndi zoyambitsa zina zimene siziyenera kuiwalika. Nyengo ya mvula agalu amaluma achule, ndipo amatuluka thovu kukamwa. Pali tameki, amene anthu amatchera makoswe ndipo ena oipa mtima amathira m'nyama kuti aphe agalu a eni. Tameki amabwera ndi dovu lochuluka, kunjenjemera kwa minofu, kutsegula m'mimba ndi kuchepa kwambiri kwa kamwana ka diso, zonse m'kanthawi kochepa. Ndipo pali chiwewe. Ngati simunaone galu akunyambita kanthu, ngati sanabayidwe katemera, ngati khalidwe lake lasintha kapena nsagwada yake yagwa moti akulephera kumeza, musalowetse dzanja kukamwa kwake ngakhale pang'ono. M'tsekereni payekha, ana asayandikire, ndipo itanani a vetenale. Munthu amene walumidwa, kapena amene dovu lam'khudza pachilonda, atsuke malowo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika.

## Masanzi ali ndi magazi, kapena chimbudzi chada ngati phula

- Mankhwala opaka msana ndi nyamakazi okhala ndi diclofenac, ibuprofen kapena ketoprofen. Voltaren ndi limodzi mwa mayina a malonda a diclofenac. Mankhwala a gulu limeneli amaletsa thupi kupanga zinthu zimene zimateteza khoma la chifu ndi kusunga magazi akuyenda bwino mu impso, ndipo galu amavulala nawo msanga kuposa munthu, motero mlingo umene kwa ife ndi wochepa umam'tsegula zilonda m'mimba.
- Methyl salicylate wochuluka, amene amagwira ntchito m'thupi mofanana ndi aspirin.
- Tizidutswa takuthwa ta kachubu kachitsulo.
- Zosakhudzana ndi mankhwala opaka: njoka za m'mimba zoyamwa magazi, poizoni wa makoswe woletsa magazi kuundana, ndi matenda a parvo mwa ana agalu osabayidwa katemera.

Magazi amene akhalitsa m'chifu saoneka ofiira, amaoneka ngati nsenga za khofi. Gwirani pamimba mofatsa muone ngati akulira kapena kukunga mimba. Chizindikiro ichi sichithera pakhomo. Galu amafunika mankhwala oteteza chifu, kawirikawiri ndi dilipi, ndipo mimba ikauma gwa ngati thabwa mwina chifu chabooka, zimene zimapha m'maola ochepa.

## Akumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi

Galu amene akumwa madzi opitirira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku akumwa mopyola muyezo. Kwa galu wa makilogalamu 15, ameneyo ndi lita imodzi ndi theka. Thirani madzi oyeza ndi botolo m'mbale mwake m'mawa, n'kuona otsala m'mawa wa tsiku linalo.

- Mankhwala a gulu la steroid, monga hydrocortisone, betamethasone ndi clobetasol. Amalembedwa pa matenda a kuyabwa kwa khungu, komanso amapezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, nthawi zina osalembedwa n'komwe pa botolo. Akamezedwa kamodzi, ludzu ndi njala zimakula kwa masiku ochepa n'kutha.
- Kuwonongeka kwa impso chifukwa cha diclofenac ndi anzake, kumene kumaonekera pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu. Kumabwera limodzi ndi kukana chakudya, kusanza ndi fungo loipa m'kamwa.
- Calcipotriol, wopaka pa matenda a khungu otchedwa psoriasis. Sapezeka m'nyumba zambiri, koma ndiye woopsa kuposa onse pano, chifukwa amakweza kashiamu m'magazi mpaka kuumitsa impso ndi mitsempha, ndipo pang'ono pokha pakwanira kupha galu.

Musam'manitse madzi pofuna kuti asakodze m'nyumba. Ngati akudya bwino ndipo mwatsimikiza kuti ndi steroid yekha, muyang'anireni. Ngati wasiya kudya, kapena mkodzo wachepa mwadzidzidzi atakhala akukodza kwambiri, pitani naye kumene angathe kupima magazi.

## Akunjenjemera, akudzandira kapena akuphupha ngati wakhunyu

Galu wa kuno akayamba kuphupha mwadzidzidzi, choyamba kuganizira ndi tameki, mankhwala opopera mbewu kapena dibi wa nkhupakupa wosungunula molakwika. Pa mankhwala opaka a anthu, awa ndiwo amachititsa:

- Camphor wochuluka, pamene galu wadya kabotolo konse osati kungonyambita mwendo. Amayamba msanga, kawirikawiri pasanathe maola awiri.
- Mafuta a tea tree. Dzinali limanamiza anthu a kuno poganiza kuti ndi tiyi wathu wa m'minda, koma amachokera ku mtengo wina wa ku Australia. Amafooketsa miyendo yam'mbuyo ndi kunjenjemeretsa galu ngakhale atangopakidwa pa khungu osasungunula.
- Lidocaine ndi mankhwala ena ochititsa dzanzi, amene amapezeka m'mankhwala ena a matenda a mudzi (zotupa za kotulukira chimbudzi) ndi a zilonda za m'kamwa.
- Fluorouracil.

Fluorouracil ndam'siya pamapeto chifukwa sapezeka kawirikawiri, koma amene ali naye m'nyumba ayenera kudziwa bwino chimene akusunga. Madokotala amaulemba kwa anthu amene khungu lawo lawonongeka ndi dzuwa mpaka kuyamba zilonda zotsogolera ku khansa, vuto limene limakhudza kwambiri abale athu achialubino. Kwa munthu ndi mankhwala othandiza. Kwa galu, kungoboola kachubu ndi mano n'kokwanira. Mu Januwale 2017 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu litalandira malipoti a agalu asanu amene anafa atameza mankhwalawa. Amayamba ndi kusanza kosalekeza ndi kuphupha m'maola ochepa, ndipo galu amene wapulumuka pamenepo akhoza kugwanso patapita masiku chifukwa m'mafupa mwasiya kupangika magazi.

Galu akamaphupha, chotsani zinthu zimene angadzigunditse nazo, chepetsani phokoso ndi kuwala, ndipo manja anu akhale kutali ndi kamwa yake, chifukwa galu sameza lilime koma angakulumeni osadziwa. Musam'mwetse kanthu. Yang'anani wotchi: kuphupha kopitirira mphindi zisanu, kapena kobwereza asanatsitsimuke, kumatenthetsa thupi ndi kuwononga ubongo. Akangodekha m'kulungeni m'bulangete n'kunyamuka.

## Wafooka ndipo akupuma movutikira

Funsani ngati m'nyumbamo muli wina amene akupaka minoxidil kuti amere tsitsi kapena ndevu, chifukwa anyamata ambiri saganiza kuti amenewa ndi mankhwala. Minoxidil anayamba ngati mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo galu akanyambita ndevu, pilo kapena madontho ogwera pansi, mtima wake umagunda mothamanga, magazi amatsika mphamvu, madzi n'kudzaza m'mapapo. Galu wogona amapuma kosapitirira ka 30 pa mphindi. Akapitirira apo, kapena nkhama zikada ngati phulusa, m'nyamuleni osam'yendetsa.

## Nkhama zayera kapena zachita chikasu, mkodzo wada

Kuno choyambitsa chachikulu ndi malungo a nkhupakupa, ndipo amafuna jakisoni wa a vetenale. Komabe galu amene wakhala akunyambita zinc oxide kwa masiku ambiri amaonetsa zomwezi, chifukwa zinki amaphwanya maselo ofiira a magazi. Izi zimachitika kawirikawiri mwini galu akamam'paka mafuta a thewera pa zilonda za ntchentche kapena pa bala, galu n'kumanyambita tsiku ndi tsiku. Auzeni a vetenale zimene mwakhala mukupaka, kuti asachize nkhupakupa zokha.

## Ubweya ukuthothoka, mimba yakula, mawere atupa

Izi zimabwera pang'onopang'ono, pa milungu kapena miyezi. Choyamba ganizirani nkhanambo ndi utitiri, makamaka ngati akudzikanda. Ngati sakudzikanda, ndipo ubweya ukuthothoka mofanana mbali zonse ziwiri, chikopa chapyapyala, mimba yalendewera, yang'anani ngati amanyambita munthu amene amadzola steroid kapena mafuta oyeretsa khungu tsiku lililonse. Galu wotere musam'lekanitse ndi mankhwalawo popanda kuuza a vetenale, chifukwa thupi limene lazolowera steroid limatha kufooka kwambiri akasiya mwadzidzidzi. Mawere otupa, ngakhale pa galu wamphongo kapena wofula, amaloza ku mankhwala opaka a amayi okhala ndi estrogen, mahomoni achikazi.

## Wameza kachubu kapena chivindikiro

Musam'sanzitse. Yang'anani chimbudzi chake kwa masiku awiri kapena atatu. Kusanza chilichonse chimene wadya, kudzimbidwa ndi kupweteka kwa mimba zikusonyeza kuti chinthucho chatseka matumbo, ndipo pamafunika opaleshoni.

## Sakuonetsa chizindikiro chilichonse

Galu wanga wina anatafuna kachubu ka diclofenac kamene ndinasiya pawindo nditadzipaka bondo. Tsiku limenelo anadya nsima yake yonse, anauwa usiku monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinati basi zapita. Tsiku lachitatu anakana chakudya, chimbudzi chake chinada, ndipo pamene ndinafika naye kwa dokotala anafunika dilipi kwa masiku angapo. Anachira, koma ndikanapita naye tsiku loyamba sakanavutika choncho.

Ngati dzina la pa kachubu ndi Vaseline, clotrimazole kapena hydrocortisone wochepa, galu wosangalala ndi galu wosangalaladi, ndipo kumuyang'anira kwa tsiku limodzi n'kokwanira. Ngati ndi diclofenac, ibuprofen, ketoprofen kapena calcipotriol, kusaonetsa kanthu kukungotanthauza kuti nthawi yopulumutsa impso ikadalipo. Impso zimagwirabe ntchito mpaka gawo lalikulu litawonongeka, n'chifukwa chake galu amaoneka bwino pamene vuto likukula, ndipo dilipi imathandiza kwambiri ikayambidwa zizindikiro zisanabwere. Ngati botolo lilibe dzina, monga amakhalira mafuta ambiri a mumsika ndi othira m'tizibotolo tina, litengeni ngati loopsa mpaka wodziwa atanena zina.

## Kumene mungapeze thandizo

Woyandikira ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene nambala yake mungaipeze ku ofesi ya zaulimi ya kufupi nanu kapena ku ofesi ya paboma ku Mulanje ndi ku Thyolo. Itengeni lero, galu asanadwale. Pa zofunika kupima magazi, kugoneka galu pa dilipi kapena opaleshoni, ulendo umakhala wa ku Blantyre, kumene kuli zipatala za ziweto kuphatikizapo cha bungwe la Blantyre SPCA. Wochokera ku Muloza kapena ku Thekerani ayambe waimba foni asananyamuke, chifukwa ulendowo ndi wautali, ndipo dokotala angamuuze choyenera kuchita panjira. Tengani kachubu, chithunzi cha masanzi kapena chimbudzi, ndi khadi la katemera ngati lilipo. Nenani zonse zimene mwam'mwetsa kale, ngakhale utakhala mchere uja.

## Kuti zisabwerezenso

Sungani mankhwala opaka m'kabati yotseka kapena m'chitini chokhala ndi chivindikiro, chifukwa pawindo ndi pansi pa pilo galu amafikapo. Mukadzipaka, sambani m'manja ndi sopo ndipo phimbani malowo ndi chovala musanakhale pafupi naye. Machubu otha, thonje ndi mabandeji musataye padzala poyera, koma m'dzenje lakuya lokwirira. Bala la galu musalipake mankhwala a munthu musanafunse.

Amene muli ndi mphaka samalani koposa, chifukwa mphaka amadzinyambita thupi lonse ndipo chiwindi chake chimalephera kuphwanya mankhwala ambiri amene galu amapirira. Minoxidil, permethrin wa mphere, benzyl benzoate ndi Dettol zingathe kumupha ngakhale zili zochepa. Mu 2015 bungwe lija la FDA linanenanso za amphaka amene anafa m'nyumba imene mwini wake ankadzipaka mankhwala a ululu okhala ndi flurbiprofen, osawapaka amphakawo n'komwe. Munthu amene wadzipaka mankhwala a mtundu umenewu asagone ndi mphaka pabedi, ndipo zofunda zake zichapidwe padera.